Mdala Apalidwa Lachinayi

Ku Wovwe munthu akatchula Zebedee Msowoya, anthu saganiza za mpunga, ngakhale kuti naye ali ndi kachigawo kake m'sikimu ya mpunga wothirira monga wina aliyense. Ulimi sunamukonde, ndipo iye sanaukakamize. Chimene ankadziwika nacho ndi nguluwe. Zikatsika kumapiri n'kuyamba kufukula chinangwa cha anthu, panalibe zoitanitsa msonkhano. Ankangotumiza uthenga kwa Zebedee, iye n'kutenga mkondo, kuimba likhweru, galu patsogolo. Ntchenzi zodula mpunga nazonso zinkamudziwa. Malipiro ake anali mwendo wa nyama ndi ulemu, ndipo kunena zoona ulemuwo ankaukonda kuposa nyamayo.

Unyamata wake anauthera padoko la Chilumba, kusenza matumba a simenti ndi feteleza mpaka msana utayamba kulankhula. Kumeneko ndi kumene anatola Chichewa chake, cha akapitawo ndi asilikali, chokwanira kupemphera ntchito, kukanganira pamsika ndi kumvera ulaliki wa abusa ochokera kumwera. Atabwerera kumudzi anakwatira Fainess, nabereka naye ana awiri amene anakula: Febby, amene anamanga nyumba yake pafupi ndi ya bambo ake, ndi Chawanangwa, amene anapita kusukulu n'kukapeza ntchito yotulutsa katundu wa anthu pachipata cha Songwe. Ntchito imeneyo ndi ya pakamwa. Munthu amadya chifukwa chodziwa mawu oyenera kunena ndi oyenera kuwameza, ndipo Chawanangwa ankaidziwa bwino ntchito yake.

Agalu Zebedee anasungapo ambiri, koma womaliza anali wina. Anamutola ali kamwana chaka chimene Fainess anamwalira, ndipo anamutcha Yowoyani, kutanthauza kuti lankhulani m'Chitumbuka cha kwawo, pofuna kubaya anthu amene ankanong'onezana kuti akwatiranso manda asanaume. Sanakwatirenso. Anangokhala ndi galu wake wofiirira, wa khutu limodzi long'ambika, amene ankamva fungo la nguluwe anthu akadali pa mapemphero a m'mawa. Zaka zitapita, kukamwa kwa galuyo kutachita imvi, ana a pamudzi anayamba kumutcha Mdala. Dzinalo linakakamira mpaka mwini wake yemwe anayamba kumuitana choncho.

Panali chinthu chimene Zebedee ankaganiza kuti akuchibisa, ngakhale kuti mudzi wonse unkachidziwa. Maso ake anali atachita ng'ala. Poyamba zinthu zinkaoneka ngati zili mu utsi, kenako nkhope za anthu zinasanduka zithunzithunzi, moti ankapatsa moni mtengo wa papaya. Febby atamuuza za kuchipatala, anakana kwa mtu wa galu. Anali atamva kuti kumeneko amakolowola diso la munthu n'kuikamo la mbuzi, ndipo ngakhale anthu opalidwa ng'ala ankabwerako akuwerenga Baibulo, iye ankati awo angochita mwayi. M'malo mwake anamangirira kabelu m'khosi mwa Mdala. Galu ankatsogola, kabelu kakulira, ndipo Zebedee ankatsatira kulirako m'timinjira ta pakati pa minda ya mpunga, mutu uli m'mwamba ngati munthu woona bwinobwino. Ulenje anali atasiya, koma kutchalitchi, kuchigayo ndi kumaliro ankafika yekha, wopanda womugwira dzanja. Chimenecho ndicho chinali chuma chake chomaliza.

Tsiku lina m'mawa kabelu kanamutsogolera molunjika m'ngalande yamadzi. Anagwa onse awiri, munthu ndi galu, ndipo amayi amene ankaokera mpunga ndiwo anawavuula, matope mpaka m'makutu. Febby atamugwira galuyo kumutu n'kumuyang'ana m'maso, anangoti kakasi. Maso onse awiri anali oyera ngati madzi otsukira mpunga.

Zebedee sanadye tsiku limenelo. Sanadandaule za bondo lake lotupa kapena za amayi amene anamuona ali chagada m'matope. Chimene chinamulasa mtima ndi chakuti mnzake anali akuyenda mumdima kwa nthawi yaitali, akumutsogolera ndi mphuno yokha, iye osadziwa.

Kumapeto kwa sabata Chawanangwa anafika kuchokera ku Songwe, ataitanidwa ndi mlongo wake. Anakhala pakhonde, nayamba nkhani yakale ija ya chipatala, ndipo anayankhidwa yankho lakale lomwe lija. Kenako, mwina pofuna kungosintha nkhani, anatchula kuti kumaiko a azungu ngakhale agalu amawapala ng'ala. Anatulutsa foni n'kuonetsa bambo ake kanema wa galu atavala chinsalu kumaso. Zebedee sanaone kalikonse koma kuwala, komabe anagwedeza mutu ngati waona. Anafunsa ngati galu wa m'kanemayo anaonadi. Anafunsanso ngati madokotala a maso amene ankamveka kuti akubwera kuchipatala cha kuboma angachite zomwezo.

Chawanangwa anayang'anana ndi Febby, koma zimenezo bambo awo sanazione. Ndiye anaimba foni, nakweza mawu kuti onse amve. Amene anayankha anali mayi, wolankhula Chichewa cha kumwera.

“Adokotala, ndine Chawanangwa uja wa ku Songwe. Nkhani ija ya mdala. Ng'ala ija yakula, dzana anagwera m'ngalande.”

“Pepani. Akuonako pang'ono?” anafunsa mayiyo.

“Kuwala kokha. Akungogunda zinthu.”

“Nanga m'thupi? Akudya bwino?”

“Kudya akudya. Kungoti ndi ukalamba.”

“Ukalamba si vuto. Abwere Lachinayi la sabata yamawa m'mawa. Tikaona kuti zili bwino, apalidwa tsiku lomwelo.”

Zebedee anasendera kufupi ndi foni. “Muwauze kuti saluma!” anakuwa motero. Mayi uja anaseka kumbali inayo, ndipo Chawanangwa anathokoza msangamsanga n'kudula foni.

“Mwamva nokha, adada,” anatero, akupitiriza m'Chichewa chomwecho. “Mdala apalidwa Lachinayi.”

Munthu akanaganiza kuti Zebedee adumpha ndi chimwemwe, koma ayi. Atangopatsidwa mwayiwo, mantha anamugwira. Masiku otsatirawo anawathera pansi pa mtengo wa mango, galu atatsamira pamwendo pake, akusinkhasinkha. Bwanji ngati mankhwala ogonetsa amupitirira, galu wokalamba chotere? Bwanji ngati amuikadi diso la mbuzi, galu wosaka n'kumayang'ana nguluwe ndi diso la nyama yodyedwa? Kodi si nkhanza kumupereka kumpeni mnzako amene sangavomere kapena kukana? Tsiku lina ankadzuka atatsimikiza kuti sapita, kuti Mdala afe ndi maso ake amene anabadwa nawo. Koma akamva galuyo akugunda mtondo pabwalo n'kulira pang'ono mwamanyazi, maganizo ankatembenukanso.

Chawanangwa ankaimba foni madzulo alionse. Za mvula, za mbuzi, za ana a Febby, ankacheza m'Chitumbuka monga mwa masiku onse. Koma nkhani ikafika pa chipatala, lilime lake linkalumphira ku Chichewa. “Mdala asaope. Mdala aona ngati kale. Mdala akagona konko usiku umodzi basi.” Zebedee ankaganiza kuti mwana wake akungobwereza mawu a dokotala momwe anawamvera, monga amachitira anthu ophunzira. Febby naye, akafunsidwa maganizo, ankangoti zili kwa inu adada, n'kupeza chochita kukhitchini.

Chimene chinamaliza mkanganowo ndi nguluwe. Zinalowa m'munda wa chinangwa wa munthu wina chakumtunda, ndipo mphepo inabweretsa fungo mpaka pakhomo. Mdala anaimirira, khutu lake labwino lili njo, thupi lonse likunjenjemera. Anathamanga kulunjika kumene kunkachokera fungolo, n'kukadziwombetsa pa nkhokwe. Anabwerera akutsimphina, nadzagona pamapazi pa mbuye wake. Zebedee anamusisita pamutu nthawi yaitali, kenako anaitana Febby n'kumuuza kuti adziwitse mlongo wake kuti wavomera.

Atavomera, anavomera ndi mtima wonse. Anamusambitsa galuyo ndi sopo wosambira anthu, namuchotsa nkhupakupa imodziimodzi pofufuza ndi zala. Anamuphikitsira mpunga wa kilombero ndi usipa. Anapota chingwe chatsopano. Kuchigayo anauza amuna anzake kuti chinangwa chikamakhwima Mdala adzakhala ali kutsogolo monga kale, ndipo iwo ataseka kuti galu sagonekedwa m'chipatala cha anthu, anawayankha kuti umbuli ndi matenda oposa ng'ala. Anatero iye, Zebedee, amene ankaopa diso la mbuzi.

Lachinayi Chawanangwa anabwera ndi galimoto ya mnzake. Zebedee anavala jekete lake la kutchalitchi, nakana kukhala kutsogolo. Anakhala kumbuyo ndi galu pamiyendo, akumulankhula njira yonse kuti asaope, iye ali pompo. Pachipata cha chipatala mlonda anati galu salowa. Chawanangwa anati palibe vuto, amumange kaye pampanda pamthunzi, akaitanidwa nthawi yake ikakwana. Choyamba mwini wake akaonane ndi adokotala.

M'khonde munali okalamba ambiri atakhala pamabenchi, aliyense ndi womuperekeza. Zebedee anamva ndodo zikugogoda pansi ndi anthu akutsokomola, koma kuuwa kwa galu sanakumve. Anadziuza kuti mwina a agalu ali ndi khomo lawo. Dzina lake litaitanidwa, mwana wake anamugwira pachigongono n'kumulowetsa m'chipinda, namukhazika pampando.

“Takulandirani, bambo Msowoya. Ine ndine Farida, ndimaona za maso,” anatero mayi wina, ndipo Zebedee anawazindikira mawu a pafoni aja. “Tayang'anani kuno. Mukuona zala zingati?”

“Zala zanga n'zokwana, mayi. Wodwala ali panja.”

“Panja?”

“Mlonda wanu wamukaniza. Ndamumanga pampanda. Ndamusambitsa, ndipo ndinanena kale kuti saluma.”

Mayi Farida anafunsa, mawu atatsika, kuti akunena ndani.

“Mdala. Galu wanga. Si ndinu munati apalidwa lero?”

“Bambo,” anatero mayiyo pang'onopang'ono, “kuno ndi kwa anthu. Galu sindinamupalepo, ndipo sindikudziwa aliyense kuno kwathu amene angakuchitireni zimenezo. Mwana wanuyu anandiuza za mdala wake. Ine ndinamva kuti akunena inu.” Kenako mawu ake anatembenukira kumbali, ndipo anauma. “Achimwene, munawauza chiyani bambo anu?”

“Sindinaname,” anatero Chawanangwa, m'Chichewa. “Adada, kumbukirani bwino. Ndinati mdala apalidwa Lachinayi. Sindinatchulepo galu ngakhale kamodzi.”

Ndipo zinali zoona. Apo ndi pamene panawawa kwambiri. Zebedee anabwerera m'mutu mwake pa mawu onse a sabata ija, mawu amodziamodzi, ndipo sanapezemo bodza loti aligwire. M'Chitumbuka, galu ukamutchula dzina umati wali, koma bambo wokubala umati ŵali. Pakamwa pamadziulula pokha, mwana sangabise kuti akunena ndani. Koma Chichewa chimati ali kwa onse, galu ndi bambo yemwe. Akudya, akungogunda zinthu, apalidwa. Mwana wake anali ataona kampata kameneko, monga amaonera timipata pachipata cha Songwe, n'kumudutsitsapo bambo ake ngati katundu. Sizinali zongotuluka mkamwa mwangozi. Madzulo alionse ankasankha chinenero choti anamizire.

“Febby wakamanyanga?” anafunsa Zebedee m'Chitumbuka, kufuna kudziwa ngati mwana wake wamkazi ankadziwa.

Chawanangwa anavomera kuti ankadziwa.

Mayi Farida anati palibe munthu amene apalidwe asanafune yekha, ndipo ngati bambo Msowoya akufuna kubwerera kwawo, abwerere. Anawonjezera kuti diso la mbuzi kulibe, amangochotsa ng'alayo n'kuikamo kagalasi kakang'ono, ndipo munthu amakhala ali maso ntchito yonseyo. Zebedee anaimirira. Mwana wake atafuna kumugwira mkono, anamusasa. Anatuluka yekha akupapasa khoma, akupunthwa pa ndodo za anzake, mpaka panja padzuwa. Kumeneko anaimba likhweru, ndipo kabelu kanayankha kumanzere.

Anakhala pansi pafumbi, jekete la kutchalitchi lomwelo, galu akumunyambita m'manja. Anapsa mtima, koma choposa mkwiyo chinali manyazi. Anali atamulonjeza mnzakeyo. Njira yonse kuchokera ku Wovwe anali akumuuza kuti mawa aona. Anali atamusambitsa, atamudyetsa, atakangana ndi anthu kuchigayo, atasowa mtendere masiku onse aja posankha chinthu chimene kunalibe n'komwe. Ana ake anamuyang'ana akuchotsa nkhupakupa ndi zala, akudziwa, osanena kanthu. Anamugwiritsa fuwa la moto, ndipo iye, posadziwa, analipatsiranso galu.

Anafunitsitsa kumasula chingwe n'kuuyamba wapansi, kuti Chawanangwa abwerere ku Songwe ndi nzeru zake. Anafika pomasuladi. Koma atangoima, Mdala anatsogola monga mwa chizolowezi, mchira ukugwedezeka, n'kukagunda mutu pa chitsulo cha mpanda. Anabwerera m'mbuyo, nayesanso mbali ina, nagundanso. Zebedee anaimirira pamenepo chingwe chili m'manja. Pakati pa awiriwo panalibe woti atsogolere mnzake, ndipo tsopano anadziwa kuti kwa galuyo thandizo silidzabwera. Anamumanganso pamthunzi, napempha mlonda kuti amupatseko madzi, n'kubwerera m'kati akupapasa khoma lomwe lija.

“Palani,” anauza mayi Farida. “Koma mudziwe kuti si chifukwa cha uyu.”

Anamupala diso lakumanja. M'mawa mwake atamuchotsa bandeji, kuwala kunamubaya, kenako zinthu zinayamba kukhala m'malo mwake: zenera, bedi, mpango wobiriwira kumutu kwa mayi Farida. Okalamba ena m'chipindamo ankaimba nyimbo, wina akuwerenga zala za mdzukulu wake mokuwa. Chawanangwa anaima kumapazi kwa bedi akumwetulira, wonenepa kuposa momwe bambo ake ankamukumbukirira, akudikira kuthokozedwa. Zebedee anamuyang'ana bwinobwino, nkhope yonse, kenako anafunsa namwino njira yotulukira panja.

Galu amene anamupeza pampanda sanali amene ankamusunga m'mutu. Ankakumbukira galu wofiirira wa chifuwa chotakata. Apa panali kankhalamba kotuwa, nthiti zili pamtunda, miyendo yakumbuyo ikunjenjemera, nkhope yodzala ndi timabala togundagunda zinthu. Kanatembenuzira mutu kumene kunkachokera mapazi ake, koma kanayang'ana pambali pang'ono, pamene panalibe munthu. Zebedee analira pamaso pa mlonda, ngakhale anali atauzidwa kuti asalitikite disolo.

Masiku ano mukapita ku Wovwe mudzamuona m'timinjira ta m'sikimu, atavala magalasi akuda amene anapatsidwa kuchipatala, iye patsogolo, galu pambuyo pachingwe. Amayenda pang'onopang'ono, akumuchenjeza pa ngalande iliyonse. Diso lachiwiri anakapalitsa yekha, pa minibasi, osauza mwana aliyense. Kuchigayo anthu anamuseka sabata imodzi n'kutopa. Ambiri amati Chawanangwa anachita bwino, bambo ake akuona, nanga vuto lili pati. Zebedee satsutsa kuti akuona. Iye anamukhululukira Febby pang'ono ndi pang'ono, chifukwa Febby anangokhala chete, ndiponso munthu sungakwiyire mpaka kalekale dzanja limene limakupatsa madzi osamba.

Chawanangwa anabwera pa Khirisimasi, atanyamula shuga, mafuta ophikira ndi nsapato zatsopano. Anapeza bambo ake pakhonde akutsuka maso a galu ndi kansalu konyowa. Anagwada monga mwana wolera bwino.

“Monire adada. Mwatandala uli?”

“Ndaswera bwino, kaya inu,” anayankha Zebedee m'Chichewa, mwaulemu, ngati akuyankha mlendo wochokera kuboma.

Chawanangwa anaseka pang'ono, kuganiza kuti ndi nthabwala. Anafunsanso m'Chitumbuka za maso, za mvula, za mpunga. Yankho lililonse linabwera m'Chichewa chapadoko chija, lalifupi, lopanda mwano.

“Adada, nigowokerani,” anatero pomaliza, kupempha chikhululuko. “Nkhakhumbanga waka kuti muwone.”

“Mumafuna kuti ndione, ndipo ndikuona. Zikomo kwambiri,” anatero Zebedee. “Katunduyo mukasiye kwa achemwali anu.”

“Muyowoyenge nane nthena mpaka pauli?” anafunsa mwanayo. Adzalankhula naye chotere mpaka liti?

“Inu ndinu munasankha chinenerochi, achimwene. Ine ndangotsatira.”

Anafinya kansalu kaja, nakayanika pamsomali. Kenako anatenga chingwe, nawerama, mawu ake n'kufewa mpaka kukhala a munthu wina.

“Zanga, mubwezi wane. Pachokopachoko, pali libwe apa,” anauza galuyo m'Chitumbuka, kumuitana kuti abwere pang'onopang'ono chifukwa pali mwala.

Galu anadzuka movutikira, nalambalala mwalawo monga anauzidwa, ndipo awiriwo anatsikira kuminda. Chawanangwa anatsala chogwada pakhonde, shuga ali m'manja, akumva bambo ake akulankhula Chitumbuka ndi galu mpaka mawu atazimiririka.